Mmene Ng'oma ya Gologolo Inakwerera Mkuyu

Padangokhala, padangotero. Vomerani kuti tili tonse, ndisamayankhule ndekha ngati wamisala.

Kalelo nyama za m'nkhalango zinali ndi sukulu zaukachenjede zinayi. Ina inali ya a Njovu, ina ya a Nyalugwe, ina ya a Nkhwazi. Yachinayi inali ya mayi wina wochepa thupi koma wochangamuka maso, dzina lake Gologolo. Sukulu yakeyo inkatchedwa Kamphako, poti ana ankaphunzirira m'mphako ya mtengo wakalekale. Kumeneko n'kumene kunkapita ana a mbewa, a buluzi ndi a kanyimbi, amene kwa a Njovu akanapondedwa, ndipo kwa a Nyalugwe, ndisanene zambiri, akanasanduka ndiwo.

Sukulu iliyonse inali ndi ng'oma yake yaulemu. Chaka ndi chaka, mvula ikayandikira, kunkabwera mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja, a Dokowe, amiyendo italiitali ndi jekete loyera, kudzayeza sukuluzo. Akatha kuyeza, ng'omazo zinkakolekedwa pa mkuyu wa pabwalo la mfumu. Yopambana inkakhala pa nthambi ya pamwamba, yotsatira pakati, yachitatu m'munsi. Nthambi zinali zitatu basi, choncho yachinayi inkagona pansi, chiswe n'kumaidya kumsana. Chiyambire mwambowu, ya pamwamba inali ya a Njovu, ndipo yogona pansi inali ya Gologolo.

Mfumu ya nkhalangoyo inali Chipembere. Mtima inali nawo wabwino, koma maso ake ankathera pa nyanga yake yomwe. Sukuluzo sinaziyenderepo. Chimene a Dokowe anena, mfumu inkangogwedeza mutu.

Tsono a Njovu, amene analinso nduna yaikulu, ankasirira mitengo ya masuku yozungulira Kamphako. Tsiku lina anapita kubwalo, nagwada mwaulemu wonyenga.

"Wawa mfumu, ng'oma yogona pansi ija ikutichititsa manyazi pamaso pa alendo. Bwanji muike lamulo? Imene igone pansi chaka chino muiboole ndi nyanga yanu, sukulu yake itsekedwe, ndipo malo ake apatsidwe kwa amene ali pamwamba."

"Kodi chimenecho n'chilungamo, a Njovu?"

"Muyezo wa a Dokowe sunama, mfumu."

"Ngati sunama, lamulo lagwa."

Gologolo anamva za lamulolo. Analira ndithu, osati pang'ono, chifukwa ankadziwa kuti Kamphako akatsekedwa ana ake aja alibe kwina kolowera. Koma wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko. Anapukuta misozi ndi mchira, ndipo a Dokowe atangotera, iye anali woyamba kukawalonjera.

Anawapeza akukonza zida zawo: zikho zinayi zotseka pakamwa, chimodzi cha sukulu iliyonse, ndi thumba la timiyala.

"Takulandirani, bwana. Mwayenda bwanji?"

"Bwino, mayi. Fulumirani, ndili ndi ntchito."

"Ndimati mundiunikire, ine mbuli. Kodi mumatiyeza bwanji?"

A Dokowe anatukula khosi, poti funso limeneli ankalikonda. "Miyezo ndi itatu. Woyamba, ndimaima pamphambano n'kumamvetsera. Dzina la sukulu likatchulidwa, kamwala m'chikho chake."

"Likangotchulidwa basi?"

"Likangotchulidwa. Ine ndilibe nthawi yomvera nkhani zonse. Wachiwiri, ndimayendera sukulu kuona ophunzira ochokera kutali. Mlendo mmodzi, kamwala kamodzi. Wachitatu, ndimafunsa mkulu wa sukulu iliyonse payekha kuti atchule sukulu yabwino koposa, kupatula yake. Yotchulidwayo imalandira timiyala todzaza dzanja."

"Nanga zimene ana amaphunzira?"

"Zimenezo sizilowa m'chikho, mayi."

Gologolo anawomba m'manja kuthokoza. Akuwomba choncho, anaona a Dokowe akulowetsa mlomo kunsi kwa phiko n'kudzikanda mobisa, kawiri konse. Anabwerera kwawo mchira ukugwedera.

Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Gologolo anakhala pansi n'kupeka nyimbo, koma osati yotamanda sukulu yake ayi. Anapeka yoinyoza. Inkanena za denga lodontha, za mphunzitsi wofufuta bolodi ndi mchira, za ana omaliza maphunziro akudziwa kuswa mtedza basi. Ndipo povomera pake, dzina la Kamphako linkabwerezedwa katatu motsatizana, kenaka kuwomba m'manja, kenaka kudumpha. Inali nyimbo yoti ikakulowa m'khutu, ngakhale pamaliro milomo imayamba yokha.

Atamaliza anadzipaka malovu m'maso napita kwa Pumbwa, mbalame imene mawu sagona m'kamwa mwake.

"Achemwali, ndafa ine! Adani andipekera nyimbo yondinyoza."

"Ayi! Imati bwanji?"

"Ndikuimbirani, koma chonde, musauze wina aliyense."

"Ine? Mwandiona liti ndikunyamula nkhani?"

Gologolo anaimba akusisima. Pumbwa anamupepesa ndi mtima wonse, anamupempha abwereze povomera paja kuti amvetse bwino kuipa kwa adaniwo, kenaka anakumbukira kuti wasiya ana okha, nauluka.

Dzuwa lisanapendeke, nyimbo inali ponseponse. Anyani ankaimba potunga madzi, nkhanga zinkaimba popalasa. Ana a sukulu ya a Njovu ankadumpha povomera paja mpaka nthaka kunjenjemera. A Nyalugwe, amene sanasekepo chibadwire, anamveka akuing'ung'udza pometa ndevu. A Njovu eni ake anaseka mpaka kutsokomola.

"Kamphako watha! Ngakhale ana akumuimba!"

Pamphambano paja a Dokowe anali pa ntchito. Aliyense wodutsa ankatchula Kamphako katatu, n'kuwomba m'manja, n'kudumpha. Kamwala m'chikho, kamwala m'chikho, kamwala m'chikho. Mlomo unawawa, thumba linatha, mpaka anakatola timiyala tina. Sukulu zinazo sizinatchulidwe n'komwe, chifukwa pakamwa pamodzi sipaimba nyimbo ndi kukamba nkhani nthawi imodzi. Koma poti zikho zinali zotseka, palibe anadziwa zimene zinkachitika m'katimo.

Unafika muyezo wachiwiri. Kwa a Nkhwazi, a Dokowe anapeza anamzeze angapo amene anabwera ndi mphepo ya mvula, nawaponyera timiyala tawo. Kwa a Nyalugwe anapeza pusi mmodzi wochokera kuseri kwa mapiri, atamangidwa chingwe m'chiuno.

"Chingwechi n'chachiyani?"

"Kuti asasochere, bwana. Ndi mlendo, njira sazidziwa."

Pusiyo anayang'ana a Dokowe ndi maso odandaula, koma maso salowa m'chikho. Kamwala kamodzi kanagwa. Kwa a Njovu kunalibe mlendo ndi mmodzi yemwe, ndipo eni ake sanade nkhawa. Ankati dzina lawo n'lokwanira, monga zaka zonse.

Potsiriza a Dokowe anafika ku Kamphako atatopa, akudzikanda mosabisanso. Gologolo anawachingamira panjira.

"Bwana, kwathu kuno mlendo wolemekezeka sayamba ntchito asanasambe. Mbalame timazisambitsa ndi phulusa lofunda. Ndakuyalirani mphasa kuseri kwa mpanda, kopanda wokuonani."

"Phulusa? Pa jekete langa loyerali?"

"Limakutumuka, bwana. Ndipo kuyabwa konse kumatha."

"Ndani wanena za kuyabwa?"

"Palibe, bwana. Ndimanena za alendo ena."

A Dokowe anayang'ana uku ndi uku, nalowa kuseri kwa mpanda. Anagudubuzika m'phulusamo, anakupiza mapiko, anabuula ndi kukoma. Utitiri umene unkakhala m'nthenga zawo sunapirire phulusa, unayoyokera pamphasa ngati mapira. A Dokowe atapita kukadzikutumula, Gologolo anagwada pamphasapo.

"Takulandirani, alendo athu. Pepani ndi phulusali. Kodi munalowapo m'kalasi?"

"Ayi, mayi," unayankha utitiri ndi timawu tating'ono. "Ife timangoyenda ndi abwana."

"Lero mukhala pa benchi ya kutsogolo."

A Dokowe atalowa m'mphako muja, ana onse anaimirira n'kuwalonjera ndi nyimbo yomwe ija, poti ina yodziwika bwino panalibe. Pofika podumpha paja, benchi ya kutsogolo inadumpha kuposa onse, mpaka kugunda denga.

"Awa ndi ayani?" anafunsa a Dokowe.

"Ophunzira athu atsopano, bwana. Afunseni nokha kumene achokera."

"Inu tianthu inu, kwanu n'kuti?"

"Kutsidya kwa nyanja, bwana!"

"Bodza! Kutsidya n'kwathu kumeneko. Inu opanda mapiko munawoloka bwanji?"

"Aa, bwana, mwatiiwala? Si tinabwera limodzi? Ife tinakwera ku..."

"Basi, basi, basi!" A Dokowe anakuwa. Anayang'ana ana a mbewa amene anali atatchera makutu, anayang'ana Gologolo amene ankangoyang'ana pansi mwaulemu. Akati awa sanachokere kutsidya, ndiye kuti iwonso sanachokere kutsidya. Akawalola kufotokoza ulendo wawo, mawa Pumbwa adzaimba za jekete loyera lodzaza utitiri. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anatsegula thumba.

"Alipo angati?"

"Werengani, bwana. Ine ndinalephera, amangodumpha."

A Dokowe sanawerenge. Anangopendeketsa thumba pakamwa pa chikho, natuluka mothamanga.

Unatsala muyezo wachitatu, umene zaka zonse unkakweza akuluakulu atatu aja, chifukwa ankangotchulana okhaokha ngati apongozi pa ukwati. Gologolo anadzola fumbi kumaso, anagwetsa mchira pansi, nayamba ndi kwa a Nkhwazi. Ana a kumeneko atamuona anayambitsa nyimbo ija, namulondola nayo mpaka pakhomo.

"Mwamva nokha, a Nkhwazi. Ine zanga zatha. Ndabwera kudzatsanzika."

"Pepani, mayi. Dziko ndi lomweli."

"Chondiwawa n'chimodzi. Inu amene mumaona dziko lonse kuchokera kumwamba, chaka chilichonse nthambi ya m'munsi. Kodi a Dokowe akakufunsani mumatchula yani?"

"A Njovu, monga mwa mwambo."

"Ndiye mumawakweza ndi dzanja lanu lomwe? Mukatchula a Nyalugwe n'chimodzimodzi, akusiyani kutali. Koma ine sindikudziwa za akuluakulu, ndingokhala chete."

A Nkhwazi anakanda mutu ndi chikhadabo. "Nanga nditatchula wina woti ngakhale atalandira timiyala sangandipose?"

"Wotero alipo kodi?"

"Inuyo, mayi! Kukutchulani inu kuli ngati kutaya timiyala m'madzi."

"Eee, nzeru zimenezo ine sindikanaziganiza."

Kwa a Nyalugwe sanalowe m'bwalo, anakambira pa nthambi, poti ulemu ndi ulemu koma khosi ndi limodzi.

"Bambo, ndamva kuti chaka chino a Njovu akuti inu munabadwira kukhala wachiwiri."

"Anena choncho?"

"Akuti ngakhale mutavala mawanga ena, mudzawatchulabe iwo, chifukwa mumawaopa."

A Nyalugwe anakanda nthaka mpaka fumbi kubuka. "Ine kuopa mulu wa mnofu uja? Chaka chino sindimutchula! Ndi Nkhwazi yemwe, wonunkha nsomba uja, ayi. Kuli bwino nditchule iwe wakufa kale."

"Musatero, bambo, a Njovu angakwiye."

"Akwiye! Ndatchula iwe basi."

Kwa a Njovu ntchito inali yopepuka kuposa konse, chifukwa mimba inali itaganiza kale m'malo mwa mutu. Gologolo anawatengera dengu la masuku akupsa.

"Ndati mulaweko, bambo, poti posachedwa akhala anu."

"Ndiwe mwana wolera bwino, Gologolo. Sindikuda ayi, ndi lamulo chabe."

"Ndikudziwa, bambo. Koma chenjerani, malowo apatsidwa kwa amene ali pamwamba. Ndamva kuti a Nyalugwe ali ndi mlendo wochokera kuseri kwa mapiri, a Nkhwazi ali ndi anamzeze. Inu mukawawonjezera timiyala todzaza dzanja, masukuwa adya ndi ena."

A Njovu anasiya kutafuna. "Ndiye nditchule yani?"

"Ine ndingadziwe bwanji?"

"Nditchula iwe! Upite ndi kaulemu pang'ono, usati a Njovu analibe chifundo."

Gologolo anagwada n'kuwomba m'manja nthawi yaitali, nkhope itabisika, chifukwa kuseka kunali kutamufika pakhosi.

A Dokowe anayenda kufunsa mmodzimmodzi. Atamva dzina la Kamphako kachitatu, anaima ndi mwendo umodzi kwa kanthawi, koma muyezo ndi muyezo. Atafunsa Gologolo, iye anatchula a Nkhwazi. Anati iwo amadya nsomba, sanamudyerepo mwana wa sukulu.

Tsiku lokoleka ng'oma linafika, ndipo nkhalango yonse inasonkhana pansi pa mkuyu. Ng'oma zonse zinatsitsidwa. Mfumu Chipembere inali itanola nyanga. Ana a Kamphako anakhala kumbuyo atagwirana manja, ena akulira kale. Gologolo nayenso ankangozungulirazungulira, chifukwa chinyengo chimakoma pokonza, koma tsiku lotsegula zikho wochenjera aliyense amatuluka thukuta.

A Dokowe anakhuthula chikho cha a Nkhwazi, panagwa kamulu. Anakhuthula cha a Nyalugwe, panagwa kamwala kamodzi, ka pusi womangidwa uja. Anakhuthula cha a Njovu. Anachigwedeza. Anasuzumiramo. Munatuluka kangaude, n'kuthawa.



Chikho cha Kamphako a Dokowe analephera kuchinyamula. Anachigubuduza, ndipo timiyala tinakhuthuka, tinakhuthukabe, mpaka tinakwirira mapazi a mfumu.

"A Dokowe, ine sindiona bwino," inatero mfumu. "Tandiuzani."

"Pamwamba Kamphako, mfumu. Pakati a Nkhwazi. M'munsi a Nyalugwe. Pansi... pansi a Njovu."

Ana a mbewa anakuwa mpaka mawu kusasa. Mfumu inapukusa mutu modabwa, koma lamulo linali lake lomwe. Inafunsa kumene kunali ng'oma ya a Njovu, anailozera, ndipo inabwerera m'mbuyo, n'kuweramitsa nyanga.

"Dikirani, mfumu!" A Njovu anadziponya patsogolo pa ng'oma yawo. "Muyezo umenewu ndi wabodza! Nyimbo ija inali yonyoza! Ine ndinamutchula chifukwa cha chifundo!"

"Inenso ndinamutchula," anatero a Nyalugwe.

"Ndi ine ndemwe," anatero a Nkhwazi, ndipo atatuwo anayang'anana ngati akuba okumana m'munda umodzi.

Gologolo anatuluka pagulu, nagwada pamaso pa mfumu.

"Wawa mfumu, ndiloleni ndifunse, ine mbuli. Tsiku lija lamulo linkagwa, a Njovu anati chiyani za muyezo wa a Dokowe?"

"Anati sunama."

"Zaka zonse ng'oma yanga ikudyedwa ndi chiswe, unali woona. Lero wayamba liti kunama? Afunseni eni ake."

"A Dokowe, muyezo wanu umanama?"

A Dokowe anaganiza za nkhalango zina zonse zimene zinkawadikira ndi zikho zawo, anaganizanso za benchi ya kutsogolo ku Kamphako. "Sunanamepo, mfumu."

"Mwamva, a Njovu. Chokani ndiboole."

Mutu ukakula sulewa nkhonya. A Njovu anagwada, maondo onse awiri pansi, makutu atagwa. Kumbuyo kwawo tiana ta njovu tinayamba kulira, ndipo kulira kwa mwana ndi kumodzi, kaya ndi wa mbewa kaya ndi wa njovu. Gologolo kunamulasa mtima.

"Mfumu, malo a a Njovu lamulo lapereka kwa ine. Koma ine ndikatani ndi kalasi yoti mwana wa buluzi akalowa m'mawa, kukafika ku bolodi ndi madzulo? Sindikuwafuna. Ndipempha ziwiri zokha. Choyamba, pakamwa pamene panabweretsa lamuloli, pomwepo palichotse."

Mfumu inatembenukira kwa a Njovu. Iwo anayankhula motsitsa.

"Mfumu, lamulo lija lichoke."

"Sindikumva. Makutu anganso ayamba kukalamba."

"Lamulo lija lichoke! Ng'oma ya sukulu iliyonse isabooledwe, kaya igone pansi kaya ikhale kumwamba!"

"Lachoka," inatero mfumu, ndipo inapuma mwamphamvu, poti kuboolako sikunali kumtima kwake. "Chachiwiri, mayi?"

"Ng'oma yanga ndi yolemera, ine ndine wamng'ono, ndipo nthambi ija ili kutali. Pano wamtali ndi mmodzi yekha."

A Njovu anadzuka. Anatola kang'oma kodyedwa ndi chiswe kaja ndi chitamba chawo, anakakweza pamwamba pa mitu ya nyama zonse, nakakoleka pa nthambi imene ng'oma yawo inakhalapo chiyambire. Fumbi la chiswe linawagwera m'maso. Ena amati ankalira, eni ake amati linali fumbi. Pansipo bwalo linaphulika ndi nyimbo ija, ndipo oyambitsa anali ana a Kamphako eni ake. Za denga lodontha ankaziimba mitu ili m'mwamba, ndipo pofika pa dzina la sukulu yawo, ngakhale mfumu inadumpha.

Phokoso litachepa, mfumu inaitana Gologolo pafupi, kuti imuone bwino.

"Mayi, tandiuzani zoona. Kuchoka pansi mpaka pamwamba chaka chimodzi! Mwasintha chiyani kusukulu kwanuko?"

"Palibe, mfumu. Denga likudonthabe, bolodi ndikufufutabe ndi mchira. Ana ndi omwe aja, ndipo mawa m'mawa akubwera kudzaphunzira."

Atatero anathamanga kukwera thunthu la mkuyu, nthambi yoyamba, yachiwiri, yachitatu, nakhala pa ng'oma yake. Anaiomba ndi manja onse awiri, ndipo ngakhale inali yobooka kumsana, inamveka nkhalango yonse.

Yathera pomwepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule, yanga ndadya kale.